Loboti ya pulasitiki pansi pa malata a ku Nchalo: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

9 Okutobala

Bokosi lafika kuno ku Nchalo lili bwinobwino, langofinyika ngodya imodzi. Latsika Thabwa pa minibasi lili pamiyendo pa munthu, chifukwa mwezi uno pampando wa pamwamba pa injini kapena pafupi ndi galasi si poika katundu wotere. Pulasitiki yake imafewa kwenikweni kutentha kukayandikira madigiri 100, koma tizidutswa topyapyala tikapanikizika m'bokosi lotentha timapindika kusanafike n'komwe kumeneko.

M'katimo muli loboti yolumikiza wekha, ya sikelo ya 1/100, yochokera ku Japan. Zidole za mtundu uwu anazitchukitsa ndi a Bandai, amene anayamba kuzipanga mu 1980 ndipo fakitale yawo ili ku Shizuoka. Masikelo odziwika kwambiri ndi 1/144, 1/100 ndi 1/60. Loboti yongopeka ya mamita 18 ikachepetsedwa ka 100 imaima masentimita 18, ndiye yathuyi ikatha idzaposa bolopeni pang'ono chabe.

Kaumbidwe kake si katsopano ayi. Chikombole ndi chomwechija choumbira loboti ya masiku onse, kusiyana kwake kuli ngati kwa njerwa za chikombole chimodzi koma dothi la malo awiri. Kampani inagwirizana ndi katswiri wina wojambula, iye n'kusankha mitundu ya pulasitiki, kujambula pepala la ma decal (tizithunzi topyapyala toviika m'madzi n'kumata pa loboti) ndi chithunzi cha pabokosi, ndipo anaumba zowerengeka, kamodzi kokha. Mtengo wonse wakwerera zinthu zitatuzo. Ndiye tisanadule kanthu tagwirizana ziwiri. Penti wa mtundu wina sakhudza zigamba zakunja, chifukwa tikatero ndiye kuti tagula mtundu wa katswiriyo kuti tiukwirire. Komanso mankhwala aliwonse, kaya guluu, thina (wosungunulira penti) kapena vanishi, ayambe akhudza pulasitiki yotaya asanafike pa chidutswa chenicheni. Sipeya wa mitundu imeneyi kulibe koitanitsa.

Tawerenga zimango, mafelemu a pulasitiki amene zidutswa zimabwera zili zolumikizidwapo, zija ena amati ma runner, tisanang'ambe majumbo ake. Zilipo 16. Za pulasitiki ya mtundu wa PS ndi 11, m'mitundu inayi: yoyera yonkera ku mkaka, buluu wakuda, yofiira ngati njerwa yootcha, ndi yotuwa yonyezimira. Ziwiri ndi za pulasitiki ina yotchedwa ABS, ndiwo mafupa a m'kati. Chimodzi ndi cha PE, pulasitiki yofewa ya m'mfundo, china ndi choonekera chobiriwira, ndipo chomaliza ndi chokutidwa ndi siliva. Buku la malangizo limalemba mtundu wa pulasitiki pafupi ndi chithunzi cha chimango chilichonse, ndipo ngakhale munthu wosawerenga Chijapanizi amaziona zilembo za PS, ABS ndi PE. Patsamba lomwelo zidutswa 9 anazilemba X. Izi ndi zotsalira za chikombole, sizilowa pa loboti iyi, ndipo ndi zimene tiziyeserapo mankhwala.

Pepala la ma decal talitsekera m'jumbo ya zipi limodzi ndi timapaketi tiwiri ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Bokosi lili pamwamba pa kabati, kutali ndi khoma, poopa chiswe.

12 Okutobala

Tatsuka zimango zonse, kupatula cha siliva, m'beseni la madzi ofunda ndi madontho atatu a sopo wa mbale. Madzi a pamjigo tawapewa. Mijigo yambiri kuno kuchigwa imatulutsa madzi a mchere, ndipo akauma amasiya mawanga oyera amene amaonekera patali pa buluu wakuda. Tagula malita awiri a madzi othira m'batire ya galimoto, aja opanda asidi olembedwa distilled, kuti tizitsukuluzira komanso tidzaviikire ma decal.

Chidutswa chilichonse chimagwirana ndi chimango pa timakosi tiwiri kapena titatu. Mukadula kamodzi kokha pafupi penipeni, pulasitiki imakokeka isanaduke n'kusiya chipsera choyera cholowa m'kati, choti ngakhale sandipepa sachifikira. Ife tikudula kawiri. Koyamba ndi nipper wamba (kapulayala kodulira pulasitiki), mamilimita awiri kutali ndi chidutswa. Chikachoka pachimango tikudulanso ndi nipper wa mpeni umodzi, kusiya kamchombo ka theka la milimita. Kamchomboko tikukasenga ndi kampeni katsopano, kuwiri kapena kutatu pang'onopang'ono, kenako sandipepa wa 600, wa 800, wa 1000 (nambala ikamakwera, sandipepa amakhala wosalala kwambiri). Pa buluu wakuda tikufika mpaka wa 2000. Chipsera chikakhala chapamwamba chabe, kuchitikita ndi chikhadabo kumachibweza mtundu.

Sandipepayu ndi uja wa anthu openta magalimoto, wogwira ndi madzi, wopezeka ku Limbe ndi ku Blantyre. Tamudula timizere n'kumata pa timitengo ta ayisikirimu. Mukamugwira ndi chala chokha ngodya za chidutswa zimabulungika, ndipo loboti ya ngodya zobulungika imaoneka ngati sopo wotsala.

Nipper wa mpeni umodzi asadule ndodo zokhuthala za chimango kapena pulasitiki yoonekera yokhuthala. Mpeni wake ndi wopyapyala, umabenthuka.

Masana ntchitoyi siyendeka. Choyezera kutentha cha pakhoma chikumafika madigiri 41 cha m'ma 2 koloko pansi pa malata, thukuta n'kumatsikira m'zala, kampeni n'kumaterera. Fani iziomba msana, osati tebulo, apo ayi muona tizidutswa ta m'manja mwa loboti tikuuluka. Tikudulira m'thireyi yakuya, ndipo mphasa taichotsa pansi, chifukwa kachidutswa kakalowa pakati pa bango ndiye kapita.

15 mpaka 19 Okutobala

Mafupa a m'kati: miyendo iwiri, chiuno, chifuwa, mikono. Miyendo yatenga maola anayi uliwonse, poti bondo lokha lili ndi zidutswa zotsetsereka zimene zikalowa chozondoka zimatseka bwinobwino koma bondo osapindika. Pamene buku laika chizindikiro chochenjeza, yang'anani mbali imene kamphako kaloza musanatseke. Tinatsegulanso bondo la kumanzere kamodzi. Potsegula tinalowetsa kapulasitiki kopyapyala pamsoko n'kumayenda nako mozungulira, osati kukanula mbali imodzi, chifukwa tizikhomo ta m'kati timathyoka mukapendeketsa.

Pa 18 kachikhomo ka phewa la kumanja kanathyoka. Kulakwa n'kwathu. Kanali kothina, ka mamilimita atatu, ndipo m'malo mokatulutsa n'kukapala tinakakamiza mopotoza. Kanayera patsinde, n'kuduka, theka n'kutsalira m'bowo.

Takonza motere. Chotsaliracho tinachiboola pakati ndi kadirilo ka m'manja ka milimita imodzi, n'kulowetsamo kasikuluwu ka magalasi a m'maso, n'kukoka molunjika. Chitatuluka tinapitiriza bowolo mpaka mamilimita anayi, n'kuboolanso mamilimita anayi patsinde pamene chinathyokera. Kuti dirilo isaterereke, yambani mwabaya pakati ndi nsonga ya singano. Tinadula waya wa burasi wa milimita imodzi, kutalika mamilimita asanu ndi atatu, kumukanda ndi sandipepa wa 400 kuti guluu apeze pogwira, n'kudonthezera supagulu m'mabowo onse awiri ndi chotokosera m'mano. Guluu wosungunula PS sagwira bwino ABS, ndipo PE ndiye palibe guluu wamba amene amaigwira. Tinasiya usiku wonse. M'mawa tinapala kachikhomoko ndi sandipepa wa 800, kuzungulira kawiri, n'kukapaka pensulo ya 2B. Kakulowa tsopano popanda kulira.

Kuchokera pamenepo mfundo iliyonse tikuyamba taiyesa theka. Ikalira kapena ikafuna mphamvu ya dzanja lonse, ituluke ipalidwe. Mafuta a makina osokera, girisi ndi mafuta odzola tawakana, chifukwa mafuta ochokera ku petulo amalowerera mu ABS n'kuifooketsa. Chakuda cha m'kati mwa pensulo ndi chouma ndipo chimatereretsa mokwanira.

24 Okutobala

Lero zidutswa za siliva ndi zoonekera.

Pa chimango cha siliva timakosi tambiri anatiika kunsi kwa chidutswa, kuti podula chipsera chibisike. Ubwino wake ndi umenewo, koma kamchombo ka kunsiko kakatsala ngakhale pang'ono, chidutswa sichikhala pansi ndipo pamatsala mpata. Sengani mpaka chala chisamve kanthu. Zidutswa zinayi zinali ndi timakosi ta m'mbali, ndipo podula panaoneka pulasitiki yakuda ya pansi pa siliva. Tafinyira inki ya maka ya siliva pa kapepala n'kudonthezera pachipserapo ndi nsonga ya chotokosera m'mano. Sizifanana ndendende, koma muyenera kuyandikira kuti muone. Siliva asakhudzidwe ndi sandipepa, thina, ngakhale vanishi. Zala za thukuta zimasiya chidindo chosachoka, ndiye tikugwira ndi kansalu kopukutira magalasi.

Pulasitiki yoonekera ndi yophweka kusweka kuposa inzake, ndipo mng'alu wake umaoneka mpaka m'kati. Tikudula patali, mamilimita atatu, kenako n'kutsitsa ndi sandipepa yekha: 800, 1000, 2000, pomaliza kupukuta ndi mankhwala otsukira mano oyera aja pa kansalu. Supagulu asayandikire. Nthunzi yake imachita chifunga choyera pa pulasitiki yoonekera, ndipo m'nyengo ya chinyezi zimanyanya.

Pa zigamba zotuwa zonyezimira pali timizere tokhotakhota tooneka ngati tsitsi lagwera m'phala. Wina anafuna kutipala. Sitichoka. Ndi pamene mitsinje iwiri ya pulasitiki yosungunuka inakumana m'chikombole, tinthu tonyezimira n'kugona mosiyana, ndipo mzerewo uli m'thupi lonse la chidutswa. Vanishi wosawala adzautontholetsa pang'ono. Kuposa apo n'kupenta, ndipo tinakana kale.

30 Okutobala

Misoko yooneka ilipo pawiri: pamfuti ndi pamapewa ofiira.

Mfuti ndi yotuwa wamba, ndiye taimata. Tinasiya mpata wa tsitsi pakati pa mbali ziwiri, kuyendetsa Tamiya Extra Thin Cement pamsoko kuti alowe yekha, kudikira masekondi 20, n'kufinya mpaka kamzere ka pulasitiki yosungunuka katatumphuka. Tapana ndi mapegi anayi oyanikira zovala. Ikhala masiku atatu. Kunja kumauma msanga ndi kutentha kuno, koma m'kati mumakhala mukadali mofewa, ndipo mukapala lero msokowo umadzabwerera sabata yamawa utalowa m'kati. Botolo la guluuyu muzitseka nthawi iliyonse mukachotsa burashi, apo ayi mugawana ndi mpweya.

Pa zofiira tinayamba tayesa zidutswa ziwiri za X. Zinagwirana bwino, koma pamsoko panatsala mzere wotuwirako. Pa loboti yodzapenta zilibe kanthu, koma apa mtunduwo ndiwo katundu. Mapewa sitimata. Tasenga m'mphepete mwa mbali zonse ziwiri mopendeketsa pang'ono kuti msokowo ukhale ngati ngalande yochita kufuna, ndipo udzalandira inki yoonetsa mizere ngati mizere ina yonse ya pa loboti.

4 Novembala

Kuyesa inki ya m'mizere. Tinali ndi Tamiya Panel Line Accent Color, amene ndi penti wa enamel wosungunuka kwambiri, ndi pensulo ya makina ya 0.3.

Pa chidutswa cha PS chongokhala pachokha, inki inayenda bwino ndipo sichinasinthe. Pa zidutswa ziwiri za PS zolumikizana mothina, tinadonthezera dala pamsoko. Patapita mphindi 20 panaoneka mng'alu patsinde pa kachikhomo. Ndodo ya chimango cha ABS tinaipinda pang'ono n'kuidonthezera, ndipo inaduka ngati chinangwa chouma. Chifukwa chake n'chakuti thina wa enamel amalowa m'timing'alu tosaoneka pamene pulasitiki yakokeka, ndipo akalowa m'malo otsekeka sauma msanga, amangokhala akudya. Malangizo a zidolezi amachenjeza kale za kupaka penti pa ABS, kungoti ambiri timawerenga zithunzi zokha.

Tatsimikiza kuti zigamba zonse zivulidwe pamafupa, zilandire vanishi wowala, kenako inki, chilichonse pachokha. Mafupa a ABS salandira inki ya madzi, pensulo yokha. Mitundu ya inki: yotuwa pa zoyera, yabulawuni pa zofiira, yakuda pa buluu. Yakuda pa zoyera imakuwa kwambiri n'kumalimbana ndi zojambula za katswiri.

10 mpaka 13 Novembala

Vanishi wa m'zitini zopopera wopangira zidolezi savuta kugwiritsa ntchito, koma zitini za mpweya sizitumizidwa wamba pa ndege, ndiye kuno safika. Tinayesa chitini cha kuhadiweya pa chidutswa cha X. Thina wake ndi waukali, pamwamba panakwinyika pasanathe mphindi. Tatsala ndi airbrush (kachipangizo kopoperera penti ndi mpweya) ya kamwa ya mamilimita 0.3 ndi timabotolo ta Tamiya ta mamililita 10: X-22 wowala, XF-86 wosawala, ndi thina wake X-20A.

Tsiku loyamba tinasakaniza X-22 ndi thina muyezo wofanana, mphamvu ya mpweya pa 18 psi, kupopera cha m'ma 10 koloko m'mawa. Zinatuluka zokhakhala ngati pakhoma la pulasitala. Kutentha kunali kutadutsa 36, ndipo timadontho timauma tili m'mlengalenga, n'kufika pachidutswa tili fumbi. Nsonga ya singano nayo imatsekeka pakangopita mphindi ziwiri. Tinapala zigamba zinayizo ndi sandipepa wa 2000 wonyowa n'kuyambiranso.

Zimene zagwira ntchito ndi izi. Gawo limodzi la X-22, limodzi ndi theka la thina, ndi dontho limodzi la retarder (mankhwala ochedwetsa kuuma) pa madontho khumi aliwonse a vanishi, osapitirira pamenepo chifukwa sadzauma. Mpweya 15 psi, mtunda masentimita asanu ndi atatu. Nthawi: 5 koloko mpaka 7 koloko m'mawa, magetsi akakhalapo. Kuwaza kamodzi mopepuka, kudikira mphindi zisanu, kenako kamodzi konyowa mpaka pawale koma pasayenderere. Tizikhomo ndi mabowo taziphimba ndi tepi ya pepala, chifukwa vanishi akakhuthalapo sizilowananso. Zigamba tazipana ndi tizopanira ta mawaya a magetsi tomangirira ku timitengo ta nsungwi, timitengoto n'kuzika m'mabowo a katoni yodula. Pamphuno pakhale chophimba cha masefa, chansalu chija sichitchinga nthunzi ya thina.

Mdani wina ndi phulusa. Akamatentha minda ya nzimbe asanadule, timakala topepuka timagwa ngakhale m'nyumba yotseka mazenera, kudzera pansi pa malata. Kamodzi katera pa chigamba choyera cha ntchafu chikadali chonyowa. Musakachotse pomwepo, mumangokapaka. Chiume maola 24, palani ndi 2000, wazaninso. Tsopano chilichonse chikangopoperedwa chikulowa pansi pa beseni lovundikira, lokwezedwa pa timiyala titatu kuti mpweya uzidutsa.

Tinadikira masiku awiri athunthu tisanathire inki. Kukhudza nsonga ya burashi pamzere kamodzi, inki n'kuthamanga yokha. Patapita mphindi 15 tinapukuta zosefukira ndi kamtengo ka thonje konyowetsa pang'ono ndi mafuta a laitala, kudutsa mopingasa mzere, osati motsatira. Kathonjeko kayambe kafinyidwa pa pepala. Palibe chang'aluka.

16 mpaka 24 Novembala

Ma decal alipo 132, ndipo apa ndi pamene loboti iyi ikusiyanirana ndi ya m'sitolo. Tikuika 12 mpaka 15 patsiku. Kuposa apo maso amatopa ndipo zala zimayamba kugwira pamene paikidwa kale.

Iliyonse tikuidula payokha ndi kampeni, pepala lonse lili kutali ndi mbale ya madzi. Dontho limodzi pa pepalalo likhoza kumasula khumi nthawi imodzi. Tikuviika masekondi 10 m'madzi a batire aja, n'kuigoneka pa thishu yonyowa masekondi 30. Ikakana kusuntha, idikireni. Mukaikakamiza imang'ambika, ndipo mukaisiya m'madzi mpaka iyandame guluu wake amasukuluka. Pamalo pake tikuika kadontho ka Mr. Mark Setter, amene ali ndi guluu pang'ono, n'kutsetsereza decal kuchoka papepala ndi burashi yonyowa. Ikakhala pamalo, kamtengo ka thonje kagubuduzike kuchokera pakati kupita kunja. Kugubuduza, osati kukoka.

Kutentha kwasintha kawerengedwe. Kumalo ozizira munthu amakhala ndi mphindi ziwiri kapena zitatu zosunthira decal. Kuno Setter akuuma isanakwane mphindi, decal n'kugwira ili yopendekeka. Tikuika kaye dontho la madzi pamwamba pa Setter, ndipo burashi ina ikukhala m'madzi nthawi zonse. Decal ikagwira molakwika, donthezerani madzi m'mphepete, dikirani alowe pansi, idzayandamanso.

Pamalo okhota tikupaka Mr. Mark Softer, mankhwala ofewetsa decal, pamwamba, madzi atachoka. Decal imakwinyika ngati yawonongeka. Apa ndi pamene ambiri amaiphera, pofuna kuiwongola. Yafewa ngati phala, ndipo mukaikhudza imatsalira ku thonje. Isiyeni, ikauma imadzikoka yokha n'kugona. Softer asachite chithaphwi, chochuluka muchiyamwitse ndi ngodya ya thishu osakhudza decal.

Yovuta koposa ndi lamba wamkulu wa mizeremizere wochokera pachifuwa, kudutsa paphewa, kukathera pamkono wa kumanzere. Katswiri anaujambula ngati chinthu chimodzi, koma ukudutsa zigamba zitatu zimene zimayenda pazokha. Tinavala zigamba zitatuzo pamafupa, kuimika mkono mowongoka, n'kuupana ndi tepi kuti usagwedezeke. Tinaika decal yonse osaidula, kuigoneka bwino pa chigamba chilichonse, n'kuisiya ola limodzi ili yolendewera pamipata. Kenako lezala latsopano, kudula kamodzi pakati pa mpata uliwonse, n'kupinda m'mphepetemo ndi Softer. Mukadula isanaume imakokeka, ndipo mukaidula papepala musanaike mizere yake sidzakumana.

Nambala 47, ya pa ntchafu, inang'ambika pakati potsetsereza. Tinaika mbali yaikulu kaye, kuiumitsa, kenako yaing'ono n'kuikankhira mpaka mizere itakumana. Pakutsala kampata kochepa ngati nsonga ya singano, ndipo tidzakadonthezera penti. Nambala 88 inadzipinda ngati tsamba. Tinaibweza m'mbale ya madzi, inatambasuka yokha, n'kuitola ndi kapepala kake komwe. Popeza guluu wake anali atasukuluka, Setter tinaika wochulukirapo.

Kuti za kumanja ndi kumanzere zifanane, tikumata kamzere ka tepi kuchokera pa ngodya yodziwika ngati malire, n'kujambula mbali yoyamba pa foni tisanayambe yachiwiri. Maso okha amanama, makamaka pa zigamba zopendekeka.

Ma decal atatu achita siliva, kutanthauza kuti pansi pawo patsekeredwa mpweya ndipo kakhungu koonekera kakunyezimira. Onse ali pamene vanishi wowala anachepa. Tawabaya ndi singano kanayi kapena kasanu, kudonthezera Setter, n'kugubuduza thonje. Awiri achira, imodzi ikuonekabe mukaipendeketsa ku kuwala.

Ma decal 19 ang'onoang'ono a kumsana tawasiya dala. Chikwama cha kumsana chikavalidwa amabisika onse, ndipo kunena zoona pamenepo katswiri anadzazapo mopitirira. Ali bwino m'jumbo, ngati zigamba za mawa. Madzulo aliwonse tikupukuta mozungulira ma decal a dzulo ndi thonje lonyowa, chifukwa Setter wouma amasiya banga limene vanishi amalitsekera mpaka kalekale.

28 Novembala

Mvula yoyamba yagwa usiku, ndipo ndondomeko yathu ya 5 koloko m'mawa yatigwetsa. Tinapopera XF-86 pa chishango ndi mwendo wa kumanzere monga mwa masiku onse, osayang'ana choyezera chinyezi. Chinali pa 84. Pouma, buluu wakuda anachita mbuu ngati wawazidwa ufa.

Thina akamauluka amaziziritsa pamwamba pa chidutswa, ndipo mpweya ukakhala wodzaza madzi, madziwo amatera mu vanishi asanaume. Kompuresa nayo inali itasunga madzi m'paipi, poti kabotolo kake kotchera madzi sitinakakhuthule. Vanishi wosawala amachita zimenezi msanga kuposa wowala.

Sitinapale, chifukwa pansi pake pali ma decal. Tinadikira tsiku louma, n'kuwaza X-22 wopyapyala pamwamba. Wowalayo amadzaza timabowo timene tikumwaza kuwala, mtundu n'kubwerera. Mwendo wachira wonse. Chishango chikadali ndi chifunga pangodya ya kumunsi, pamene vanishi anakhuthala.

Nthawi yopopera yasamuka. Tsopano ndi pakati pa 10 ndi 11 koloko, dzuwa litaumitsa mpweya, chinyezi chikatsika pansi pa 65, ndipo retarder tikuthirabe chifukwa cha kutentha. Masabata apitawa ola limeneli ndi limene timalithawa. Paipi tikuipopera pa katoni masekondi khumi tisanaloze chidutswa.

Usiku womwewo ngumbi zinatuluka n'kudzaza pa nyale. Phiko limodzi linakakamira pa chigamba cha phazi chimene chinali kunja kwa beseni. Mankhwala ake ndi omwe aja a phulusa. Ndipo wina asadzasokoneze XF-86 ndi X-21. X-21 si vanishi, ndi chosakanizira mu penti wowala kuti asawale, ndipo mukamupopera yekha chidutswa chimayera ngati choko.

6 Disembala

Zigamba zonse zalandira XF-86 kawiri mopepuka, kupatula za siliva ndi zoonekera, zimene zalowa pomaliza. Tachotsa tepi pa tizikhomo, n'kuvala kuyambira kumapazi kukwera. Timizere ta m'zigamba zotuwa tazilala ndithu. Wofiira watsika pang'ono, akuoneka ngati njerwa yeniyeni kuposa mmene analili pachimango, ndipo lamba wa paphewa akukumana bwino mkono ukakhala pansi.

Chiuno cha kumanzere chakhwepa chifukwa chovula ndi kuvala kambirimbiri. Tapaka X-22 ndi burashi pa kampira ka mfundoyo, kusiya kuti aume usiku wonse, n'kubwezera. Kamodzi sikanakwane, kachiwiri kagwira. Musabwezere asanaume, mungamate mfundo.

Loboti ili m'kabati ya magalasi, kukhoma losaombedwa ndi dzuwa, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumasandutsa pulasitiki yoyera kukhala yachikasu. Taikamo timapaketi tinayi ta silica gel. Yaima mowongoka, mfuti ili pambali, popeza kulemera kwake kumatsitsa dzanja pang'onopang'ono m'chipinda chotentha. Mkono wa kumanja, wa waya uja, sitikuukweza kupitirira phewa.

Chishango chikadali pa kamtengo kake pansi pa beseni. Chikufunika X-22 kachiwiri pangodya ija, masiku awiri ouma, kenako XF-86. M'botolo la X-22 mwatsala pafupifupi mamililita awiri, okwanira kuwaza kamodzi kokha, ndipo choyezera chinyezi lero m'mawa chinali pa 79.